Za Mapuloteni a mu Mkodzo ndi Mitundu Iwiri ya Kuthamanga kwa Magazi

(Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'cigawo cathu.)

 Komiti inandituma kuti ndikonze nkhani ya zaumoyo, ndipo ine ndinasankha ya mkodzo. Ndidziwa kuti liu limeneli silichulidwa pamaso pa akuru popanda kupepesa. Tsono ndipepese kamodzi pano poyamba, kuti ndisamangopepesa pa mzere uli wonse.

Cifukwa cimene ndinasankhira nkhaniyi ndi ici. Pa sukulu iri yonse ya kumudzi mphunzitsi ndiye amawerengera anthu makalata, ndipo masiku ano makalata ambiri amene anthu amadza nao ndi timapepala ta ku cipatala. Komanso ambiri a ife eni ace timameza mibulu ya BP m'mawa uli wonse. Kafukufuku wochedwa STEPS, amene anacitika m'Zambia m'caka ca 2017, anapeza kuti pafupi-fupi munthu mmodzi mwa asanu a zaka 18 kufikira 69 ali ndi bvuto limeneli. Werengani mitu m'cipinda cino, mugawe ndi 5, ndipo mudzaona kuti sindikunena za alendo ai.

Funso langa nali. Anthu awiri a msinkhu umodzi apita ku cipatala. Makina aonetsa 160/100 kwa onse awiri. Koma popima mkodzo apeza kuti wa mmodzi ukutaya mapuloteni ambiri kuposa wa mnzace. Nanga cawasiyanitsa nciani, popeza manambala a pa mkono ndi amodzi-modzi? Zifukwa zingakhale zingapo, koma cimodzi ca izo madotolo anacedwa kucizindikira, ndipo ndico ndifuna kuti ticionetsetse lero.

Tiyambe ndi impso. Yense amene anasendapo mbuzi azidziwa: ziwiri, zonga nyemba, zokwiririka m'mafuta kufupi ndi msana. Mwa munthu impso iri yonse iri ndi tisefa tating'ono pafupi-fupi 1,000,000, tosaoneka ndi maso. Tisefa timeneti timasefa madzi a m'magazi okwana malita 180 pa tsiku, ndiko kuti pafupi-fupi diramu lathunthu lija timatungiramo madzi pomanga nyumba ya mphunzitsi. Mwina mudzafunsa kuti diramu lonselo lipita kuti. Pafupi-fupi madzi onsewo impso imawabwezera m'magazi, ndipo amene amaturuka ngati mkodzo ndi lita imodzi ndi theka cabe, otenga zonyansa za m'thupi.

Sefa yabwino imadutsitsa ufa ndi kugwira misere. Tisefa ta impso nato timadutsitsa madzi, mcere ndi zonyansa, koma timagwira zinthu zazikuru zimene thupi lizifuna. Cimodzi ca izo ndi puloteni yochedwa alubumini, imene imapangidwa m'ciwindi. Dzina lace licokera ku liu la Cilatini lonena za kuyera, ndipo ndi mbale wace wa coyera ca dzira. Nchito yace yaikuru ndiyo kusunga madzi m'kati mwa mitsempha. Ikataika yambiri, madzi amalowerera m'mnofu, ndipo munthu amatupa mapazi ndi zikope.

Ndipatuke pang'ono, pakuti ndife aphunzitsi ndipo mau tiyenera kuwasamala. Timati "kuthamanga kwa magazi", koma cimene makina aja amapima si liwiro ai. Amapima mphamvu imene magazi akankha nayo makoma a mitsempha, monga mpweya ukankha cubu ca njinga mukacipopa kopitirira. Ndicula izi cifukwa munthu amene aganiza za liwiro amati, "Mtima wanga ukugunda bwino-bwino, ndiribe BP." Koma amene aganiza za cubu amvetsa msanga cifukwa cace tisefa tofewa tija tingayambe kudontha. Kwa munthu wamkuru, ngati makina aonetsa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, mphamvuyo yapitirira.

Kuti mkodzo ungaulule matenda a impso si nzeru yatsopano. M'caka ca 1827 dotolo wa pa cipatala ca Guy's ku London, dzina lace Richard Bright, anasindikiza buku losonyeza kuti odwala otupa thupi, amene mkodzo wao unali kuundana pa moto, anali ndi impso zoonongeka. Kupima kwace kunali kotere: mkodzo pang'ono m'supuni, supuniyo pamwamba pa kandulo. Ukacita mitambo yoyera monga dzira m'ciwaya, ndiye kuti alubumini ilimo. Lero a cipatala amaviika kapepala ka mitundu m'mkodzo, nalemba "trace", 1+, 2+ kapena 3+. Kapepalako nkothandiza, koma kali ndi maso ofoka: kamaona bwino pamene kudontha kwakula kale.

Manambala ace ndi awa, ndipo ndipempha kuti muwalembe. Impso zabwino zimataya alubumini yosafika mamiligalamu 30 pa tsiku. Kucokera pa 30 kufikira 300 kudontha kwayamba, ngakhale munthu samva kanthu ndipo kapepala kaja kawiri-kawiri sikaona. Kupitirira 300 kudontha nkwakukuru. Kuti muone kucepa kwace, m'bulu umodzi wa Panado muli mamiligalamu 500 a mankhwala. Tsono mamiligalamu 30 safika ndi limodzi la magawo khumi a m'buluwo, ndipo asungunuka m'mkodzo wa tsiku lonse. Kuti apeze kanthu kocepa cotere, a ku laboratori amapima cimene amalemba ACR, poyerekeza alubumini ndi cinthu cina ca mu mkodzo cochedwa creatinine. Akalemba mg/g malire ace ndi omwewo, 30 ndi 300. Akalemba mg/mmol malire ace ndi 3 ndi 30. Ceukani pa zilembo zimenezi musanamuuze mwini kapepala ciri conse, pakuti 25 ya mtundu woyamba ndi yabwino, koma 25 ya mtundu waciwiri si yabwino konse.

Ena amati mkodzo wa thobvu ndiwo cizindikiro. Nzoona kuti alubumini yambiri imacititsa thobvu losatha msanga. Koma ife a zimbudzi zokumba tidzaliona liti thobvulo? Ndipo amene aliona, matenda amakhala atapita kale patali.

Nanga kadontho kocepa cotere katibvutiranji? Pa zifukwa ziwiri. Coyamba, kasefa ka impso ndi kamtsempha ka magazi; kakadontha, ndiye kuti ndi mitsempha ya mu mtima ndi ya mu ubongo yomwe iri pa mabvuto. Anthu otaya alubumini amagwidwa ndi sitiroko ndi matenda a mtima kawiri-kawiri kuposa anzao a BP yofanana nao amene sataya. Caciwiri, impso zimafa mwakacetecete. Munthu angathe kutaya theka la mphamvu ya impso zace iye akupalasabe njinga kupita ku sukulu. Zikalephereratu, cotsala ndi makina osefa magazi, kawiri kapena katatu pa sabata, pa zipatala zazikuru zowerengeka monga UTH ku Lusaka. Mphunzitsi wa kumudzi aganize yekha za ulendo umenewo ndi malipiro ace.

Tsopano mitundu iwiri ija. Woyamba ndi BP wamba, amene anthu ambiri ali naye. Alibe cifukwa cimodzi coti nkuciloza ndi cala: cibadwa ca ku mtundu, ukalamba, mcere wambiri, kunenepa, mowa ndi kukhala pansi zimathandizana. Amaononga impso pang'ono-pang'ono. Timitsempha tolowa m'tisefa timakhuthala ndi kupanikizika, tisefa tina timauma nkusanduka zipsera, ndipo totsalato timasenza katundu wa anzao. Kudontha kwace kumakhala kocepa pa zaka zambiri. Munthu wa BP wamba akapezeka ndi 3+, dotolo wosamala amafuna-funa matenda ena pambali.

Mtundu waciwiri ndi wa mahomoni, ndipo pano ndikhalitsapo. Homoni ndi mthenga: ciwalo cina cimaitulutsa m'magazi kuti ikauze ciwalo cina cocita. Pamwamba pa impso iri yonse pakhala kaciwalo kakang'ono konga kacisoti, kolemera magalamu 4 kapena 5, kochedwa adrenal. Posenda mbuzi timakataya pamodzi ndi mafuta osakazindikira. Mwa mahomoni amene kamapanga muli ina yochedwa aldosterone, imene Sylvia Simpson ndi James Tait a ku London, pamodzi ndi Tadeus Reichstein wa ku Basel, anaipatula m'caka ca 1953. Uthenga wace kwa impso ndi umodzi: sunga mcere, taya potaziyamu. Ndipo kumene mcere wasungidwa, madzi amatsata.

Mwa munthu wabwino-bwino aldosterone siicita zinthu mwa yokha. Thupi likasowa madzi ndi mcere, monga potsegula m'mimba kapena potuluka thukuta lambiri m'mwezi wa Okutobala, impso zimaturutsa cinthu cochedwa renin, ndipo renin ndiyo imayambitsa lamulo lofika kwa adrenal. Madzi akakwanira renin imatsika, aldosterone nayo nkutsika. Ziri ngati kapitao amene amadikira mau a mwini nchito. Koma pali matenda amene kapitaoyo aleka kudikira. Adrenal imangoturutsa aldosterone usana ndi usiku, renin iri cete. Nthawi zina cifukwa cace ndi kacotupa kakang'ono pa adrenal imodzi, kamene pafupi-fupi nthawi zonse si khansa. Kawiri-kawiri ndi adrenal zonse ziwiri zimene zacita cangu copitirira.

Amene anawafotokoza bwino matendawa ndi Jerome Conn wa ku University of Michigan ku America, m'caka ca 1954. Wodwala wace anali mai wa zaka 34, amene kwa zaka 7 anali kubvutika ndi kukokana kwa minofu ndi kufoka, nthawi zina kulephera ndi kuyenda komwe, BP iri yokwera ndi potaziyamu wa m'magazi ali wotsika kwambiri. Atamcita opaleshoni anapeza cotupa pa adrenal imodzi, nacicotsa, ndipo maiyo anacira. Ncifukwa cace mpaka lero ena amawacha matenda a Conn. Dzina lao la m'mabuku ndi primary aldosteronism. Alipo mahomoni enanso okweza BP, monga cortisol ndi adrenaline, koma matenda ao ndi osowa, ndipo ndiwasiya.

Kwa zaka zambiri madotolo anaphunzitsidwa kuti matenda a Conn ndi osowa naonso, kapena mmodzi mwa odwala BP 100. Cinawasoceretsa ndi potaziyamu: anali kuwafuna mwa anthu a potaziyamu wotsika okha-okha, pamene odwala ambiri potaziyamu wao amakhala wabwino. Ku Italy, kafukufuku wochedwa PAPY, wotsogoleredwa ndi Gian Paolo Rossi wa ku Padua, anapima odwala 1,125 ongopezeka kumene ndi BP, ndipo m'caka ca 2006 anaulula kuti 11 mwa 100 ali onse anali ndi matendawa. Awo anali odwala otumizidwa kwa akatswiri. Pa makiliniki wamba a ku Turin m'caka ca 2017 anapeza pafupi-fupi 6 mwa 100. Mwa anthu amene BP yao siitsika ngakhale akumwa mitundu itatu ya mankhwala, ku Birmingham m'cigawo ca Alabama anapeza mmodzi mwa asanu m'caka ca 2002. Matenda otere sitingawache osowa.

Tsono tibwerere kwa anthu awiri aja a 160/100. A PAPY omwewo anapimanso mkodzo, napeza kuti odwala a aldosterone anali kutaya alubumini yambiri kuposa a BP wamba, ngakhale atawerengera kusiyana kwa zaka ndi kwa BP yeni-yeniyo. Koma kafukufuku amene ine ndimuyesa wophunzitsa kwambiri ndi wa Leonardo Sechi ndi anzace a ku Udine, wa caka comweco ca 2006. Iwo anatenga odwala 50 a aldosterone, nawayerekeza ndi odwala 100 a BP wamba ofanana nao pa kukwera kwa BP ndi pa kutalika kwa nthawi imene anadwala, ndipo anawatsata kwa zaka zoposa 6. Poyamba a aldosterone anali kutaya alubumini yambiri, ndipo, codabwitsa, impso zao zinali kusefa madzi ambiri kuposa za anzao. Atawaciza, ena ndi opaleshoni, ena ndi mankhwala, m'miyezi 6 yoyambirira alubumini inatsika kwambiri, ndipo kusefa kuja nako kunatsika. Pambuyo pace impso za magulu onse awiri zinayenda mofanana. Ndipo ambiri a aldosterone amene anali ndi kudontha kocepa anabwerera mwakale.

Izi zitanthauzanji? Zitanthauza kuti m'matenda a Conn kudontha kuli pawiri. Gawo lina ndi la kupanikiza: thupi ladzaza mcere ndi madzi, tisefa tikukankhidwa kopitirira, ndipo alubumini ikungoponyedwa kunja, monga misere imadutsa pa sefa yabwino mukaifinya ndi dzanja. Cotsani dzanjalo, sefa igwiranso bwino. Gawo lina ndi la kung'ambika kweni-kweni, pakuti aldosterone yocuruka imabvulaza mnofu wa impso, wa mtima ndi wa mitsempha mwa iyo yokha, nisiya zipsera. Gawo loyamba limabwerera, laciwiri silibwerera. Munthu akakhala nao matendawa zaka zambiri osadziwika, loyamba limacepa ndipo laciwiri limakula. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse, cifukwa mphunzitsi wa zaka 35 amene apezeka nao lero angathe kupulumutsa impso zace, pamene yemweyo atapezeka nao pa zaka 55 adzapulumutsa zotsala cabe.

Pali msampha wina umene ndiyenera kuuchula, pakuti ungamcititse munthu kutaya mankhwala abwino. Popeza impso za wodwala wa aldosterone zimasefa mokakamizidwa, pepala la ku laboratori lingaonetse ngati ziri zamphamvu pamene zaonongeka kale. Akayamba kulandira cithandizo, nambala ya kusefa, imene amalemba eGFR, imatsika. Wodwala amaopa, acibale amati mankhwala a dotolo ampha impso. Kawiri-kawiri si cotero ai: kukakamiza kwacoka, ndipo mphamvu yeni-yeni ya impso yaonekera poyera. Woyenera kuweruza ndi dotolo amene akupima magazi, osati bwalo la pa khonde.

Ndipo si impso zokha. Atasonkhanitsa mafukufuku ambiri m'caka ca 2018, akatswiri a ku Turin anapeza kuti odwala a aldosterone amagwidwa ndi sitiroko kuposa kawiri poyerekeza ndi a BP wamba, ndipo kugunda kosalongosoka kwa mtima kumawagwira kuposa katatu.

Za mcere ndinene mosazungulira. Aldosterone yokha siipha munthu; imapha iri ndi mnzace, ndiye mcere. Anthu a mtundu wa Yanomami, a m'nkhalango za pakati pa Brazil ndi Venezuela, pamene anapimidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anali osadya mcere, aldosterone yao inali yokwera kwambiri, koma BP yao inali yotsika kufikira ukalamba. Ndipo ku Birmingham kuja, m'caka ca 2008, anaona kuti mwa odwala a aldosterone yokwera, amene anali kudya mcere wambiri ndiwo anali kutaya mapuloteni ambiri. Bungwe la WHO limati munthu wamkuru asafike magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiyo supuni ya tiyi imodzi yosasefukira, kuwerengera pamodzi ndi umene uli kale m'zakudya. STEPS inapeza kuti ife a m'Zambia timadya pafupi-fupi kawiri ka pamenepo. Sindidabwa. Kapenta ndi nsomba zouma zimabwera ndi mcere wace, ophika athiranso wina, aponyamo ndi kabulu kokometsera msuzi, ndipo pa mphasa pakhala kambale ka mcere koyembekeza abambo. Soda wa m'therere nayenso ali ndi sodiyamu, cinthu comweco cimene cimabvuta mu mcere. Kubviika kapenta m'madzi ndi kutaya madziwo musanaphike sikufuna ndalama iri yonse.

Nkhaniyi itikhudza ife a mu Africa mwapadera. Madotolo anaona kale kuti anthu akuda ambiri a BP ali ndi renin yotsika, ndipo BP yao imamvera mcere msanga. M'caka ca 2017 kunasindikizidwa kafukufuku wa ku Nigeria, Kenya ndi South Africa, wa odwala amene BP yao inali kukana kutsika. Ena anapatsidwa mankhwala monga mwa masiku onse, ena anasankhiridwa mankhwala atapimidwa renin ndi aldosterone. Ndipo m'gulu laciwirili ndimo ambiri BP yao inatsika.

Nanga ndani ayenera kukaikira kuti BP yace ndi ya mtundu umenewu? Makamaka iye amene akumwa mitundu itatu ya mankhwala mokhulupirika koma BP siitsika. Ndinena kuti mokhulupirika, cifukwa amene amamwa pokha-pokha mutu ukamuwawa alibe mlandu ndi adrenal. Winanso ndi iye amene anapezeka ndi potaziyamu wotsika, wosafika 3.5, ngakhale kamodzi. Zizindikiro zace ndi kufoka kwa miyendo, kukokana, ludzu ndi kudzuka kawiri-kawiri usiku kukataya madzi. Amene BP inamuyamba ali mnyamata, kapena amene kwao wina anagwidwa ndi sitiroko asanakwane zaka 40, nayenso afunse. Bungwe la akatswiri a mahomoni la Endocrine Society m'caka ca 2025 linafika pa kulangiza kuti munthu ali yense wa BP apimidwe aldosterone ndi renin. Langizo ndi labwino, koma kupima kumeneko kumafuna laboratori yaikuru, ndipo pa kiliniki ya kumudzi kulibe. Tsono mwa kuona kwanga, ife tiyambe ndi zimene ziri pafupi: mkodzo, potaziyamu ndi creatinine ya m'magazi. Zitatuzi ndizo zingamcititse dotolo kulemba kalata yotumiza munthu patsogolo.

Cithandizo ciripo. Ngati bvuto liri pa adrenal imodzi, amaicotsa, ndipo yotsalayo imakwanira. Potaziyamu amakhala bwino pafupi-fupi mwa onse, BP imatsika mwa ambiri, ndipo ena amaleka mankhwala. Ngati liri pa zonse ziwiri, amapereka spironolactone, mankhwala akale amene amatseka khutu la impso kuti lisamve uthenga wa aldosterone. M'caka ca 2015 kafukufuku wa ku Britain wochedwa PATHWAY-2 anasonyeza kuti kwa anthu amene mitundu itatu yawakanika, spironolactone ndiye woonjezera wabwino koposa ena amene anamuyerekeza nao. Koma ndikupemphani, abambo ndi amai, musakagule pa sitolo mwa inu nokha cifukwa ca mau anga. Mankhwala amenewa amakweza potaziyamu, ndipo mwa munthu wa impso zofoka potaziyamu wokwera angaimitse mtima. Amafuna kupima magazi kawiri-kawiri, amatupitsa mabere a amuna ena, ndipo mai woyembekezera sayenera kuwayamba wamba. Kwa a BP wamba otaya alubumini madotolo amakonda enalapril kapena losartan, cifukwa amacepetsa kupanikiza m'kati mwa tisefa. Amenewa ndi oletsedwa kwa mai wa pakati.

Tisanathamangire kunena kuti yense wa 1+ ali ndi matenda a Conn, tikumbukire kumene tikhala. Kuno kwathu cinthu coyamba cimene cimaika magazi ndi mapuloteni m'mkodzo, makamaka wa ana athu osamba m'madambo ndi m'madamu, ndi likodzo, ndipo mankhwala ace, praziquantel, tiwadziwa pakuti amagawidwa m'masukulu. Malungo ndi kutentha thupi kuli konse, matenda a m'cikhodzodzo, kuthamanga kwambiri dzulo lace, ndi msambo wa amai zingaonetse mapuloteni kwa kanthawi. Matenda a shuga ndi kacirombo ka HIV zimaononga impso mwa njira yace. Ncifukwa cace kupima kamodzi sikukwanira: madotolo amati kudontha nkweni-kweni ngati kwapezeka kawiri mwa katatu pa miyezi itatu kapena kuposa. Pamodzi pokha pamene sitidikira ndi pa mai wa pakati. BP yokwera pamodzi ndi mapuloteni m'mkodzo, pakati patapitirira masabata 20, makamaka ngati mutu ukuwawa, maso akucita cidima kapena nkhope yatupa, ndi ngozi ya tsiku lomwelo kwa mai ndi mwana. Ameneyo afuniridwe njinga kapena galimoto nthawi yomweyo.

Kanthu kena kamene ndimakaona m'matumba a aphunzitsi pa nthawi yoconga mayeso ndi mibulu ya msana, ibuprofen ndi diclofenac. Imathandiza, inde, koma imakweza BP ndi kufinya impso, ndipo ikakumana ndi enalapril kapena spironolactone m'thupi limodzi, ngozi imakula. Wa BP auze dotolo za iyo, pamodzi ndi zitsamba ziri zonse zimene akumwa, ngakhale acite manyazi.

Amene mudzapita kukapimitsa, tengani mkodzo woyamba wa m'mawa m'kabotolo koyera ka ku cipatala. Oyamba kuturuka muwasiye apite, mutenge a pakati. Musapite tsiku lotsatana ndi mpira wa aphunzitsi, kapena pamene thupi latentha. Mukafika nenani mwaulemu kuti mumamwa mankhwala a BP ndipo mufuna kudziwa za impso zanu. Funsani ngati angathe kupima ACR, ndipo ngati sangathe, kapepala koviika nkabwino kuposa kusapima konse. Zotsatira zace zilembedwe m'buku lanu la ku cipatala pamodzi ndi tsiku lace, ndipo bukulo muzipita nalo mukasamutsidwa ku sukulu yina, cifukwa dotolo watsopano amafuna kuona manambala a caka catha kuti adziwe ngati kudontha kukukula.

Bambo Wapampando, ndaona kuti mwayang'ana pa koloko kawiri. Manambala aja ndawalemba pa bolodi kuti ofuna akopere pa nthawi ya tiyi.